Dzina Langa Linkaphunzitsa ku Chiparamba

Msuweni wanga ndinayamba kumuchitira nsanje kalekale, ndisanadziwe n'komwe kuti ndili ndi chifukwa. Ndi mwana wa amalume, mlongo wawo wa amayi, ndipo tinakulira mudzi umodzi kufupi ndi Mtenguleni. Nkhope tinkafanana moti alendo ankatiyesa mapasa, koma kusukulu kokha ayi. Ine Giredi 12 ndinakhoza bwino ndithu. Iye analephera mochititsa manyazi, mpaka amalume anakhala masiku angapo osaoneka kumowa.

Ndiye taonani mmene zinayendera. Ine wokhozane ndinakwatiwa, chifukwa amayi ankadwaladwala ndipo za koleji panalibe wozitchula. Wolepherayo anangosowa pamudzi. Tinamva kuti wapita kwa achibale kukabwereza mayeso, kenaka kuti ali ku koleji ya aphunzitsi, kenaka kuti boma lamulemba ntchito kutali, kumpoto uko. Ankabwera pa Khirisimasi atavala wigi, chikwama chili pamkono, akununkhira mafuta a m'sitolo. Ndinkamupatsa moni ndikumwetulira mwachiphamaso. Maso anga sankachoka pa zidendene zake zosalala, pamene zanga zinali ming'alu yokhayokha ya m'munda wa mtedza.

Kwathu mapepala a mwana sasunga mwana. Amasunga ndi amalume, mu sutukesi yawo ya pansi pa bedi, pamodzi ndi makhadi a ubatizo a mbumba yonse. Satifiketi yanga ndi reji yanga, chitupa cha boma chija, zinalowa mmenemo tsiku lomwe ndinabwera nazo. Nditakazifuna nditakwatiwa, amalume anagwedeza mutu mwachisoni nati chiswe chinalowa mu sutukesi. Ndinalira, kenaka ndinapita ku Boma kukatenga reji ina ya nambala yomwe ija. Satifiketi ndinangoisiya, poti khasu silifunsa satifiketi. Ngakhale dzina langa la kusukulu linayamba kuiwalika, chifukwa nditangobereka aliyense anayamba kundiitana ndi dzina la mwana wanga woyamba.

Zinaululika chaka chimene anayamba kulemba alimi pa makina. Tinasonkhana a kopaletivu yathu pansi pa mtengo wa mango, aliyense reji m'manja, kuti tilembetse fetereza wotsika mtengo. Munda wathu ndi wa mchenga, ndipo popanda fetereza chimanga chimangofika m'chiuno n'kuchita chikasu. Itafika nthawi yanga, alangizi a zaulimi anadinadina pa makina awo, anandiyang'ana, anadinanso.

"Amayi, inu sizitheka," anatero. "Makinawa akuti ndinu aphunzitsi. Mumafola kuboma mwezi ndi mwezi, ndipo ogwira ntchito m'boma salandira fetereza uyu."

Azimayi anzanga anagwa nazo kuseka. Wina anati, "A Madamu, nanga choko mwasiya kuti?" Nanenso ndinaseka, poganiza kuti makina asokonezeka. Koma alangizi sanaseke, anangondiuza kuti ndipite ku ofesi ya zamaphunzitso mvula isanagwe.

Ku ofesi kuja mayi wina wachifundo anandikhazika pampando n'kundiwerengera zimene zinali pa kompyuta. Dzina langa lonse, nambala ya reji yanga, tsiku langa lobadwa, mudzi wathu. Anati mwini zonsezi ndi mphunzitsi wa zaka zambiri pantchito, ndipo wangosamutsidwa kumene kubwera pa sukulu ina cha ku Chiparamba. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndi msuweni wanga, chifukwa amalume anali atatha mwezi wonse akudzitama pamudzi kuti mwana wawo tsopano wabwera pafupi, ali ku Chiparamba.

M'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto kupita ku Chiparamba. Pageti la sukulu ndinapeza mayi wogulitsa zitumbuwa, ndipo ndinatchula dzina langa lomwe, lonse, ngati ndikufunsa za mlendo.

"Oo, a Madamu atsopano aja? Kalasi ilo la pakona. Ana amawakonda kwambiri."

Ndinaima pawindo. Ndinkayembekeza kuti ndipsa mtima, ndilowe, ndimugwire wigi ija ana onse akuona. Mkwiyo sunabwere. Chinabwera ndi nsanje yokhayokha, yolemera. Msuweni wanga anali kutsogolo, zala zili mbuu ndi choko, ana atatukula manja akulimbirana kuti awaloze. Pachitseko panali dzina langa lolembedwa ndi penti yoyera. Chinandiwawa koposa n'chakuti ankaphunzitsa bwino. Ndikanamupeza akubalalika, akulephera kuwerenga, mwina mtima ukanatsika pang'ono.

Atandiona anangoti kakasi, koma sanachedwe kudzigwira. "Asuweni! Kubwera osauza munthu?" Anandikoka dzanja mpaka kunyumba kwake kuseri kwa makalasi. Nyumba ya malata, sola padenga, masofa okutidwa ndi nsalu zoluka. Pakhoma, pamwamba pa wailesi yakanema, panali satifiketi yanga m'galasi, yoyera bwino, popanda ndi kamodzi komwe pamene chiswe chinaluma.

"Chiswe chake ndi chimenechi?" ndinamufunsa.

Anaseka. Ndikunena zoona, anaseka. Paja kwathu msuweni ndi munthu wa nthabwala. Akhoza kukutukwana pagulu, kukutengera nkhuku, kukuvula mpango kumutu pamaliro, ndipo iwe sukwiya, umangodikira tsiku lako. Wokwiyira msuweni ndiye amasekedwa.

"Iii, asuweni, n'zachisuweni izi," anatero. "Inu chitenje changa chija munatenga, ine ndinakusumirani? Mapepalawo ankangogona mu sutukesi, inu muli ku ukwati. Adadi anangoti ndibwerekeko."

"Ndiye wabwereka moyo wanga wonse?"

"Nanga inu mukanaugwiritsa ntchito?"

Funso limenelo mpaka lero limandiluma. Anandithirira tiyi wa mkaka m'kapu ya duwa, ine osamwa. Ndinkangoyang'ana makatani, firiji, nsapato zake zitandandalikidwa pakhoma, ndikumati zonsezi anagula ndi masamu amene ndinkawerenga ine ndi koloboyi iye akugona.

Nkhani inafika kwa amalume ine ndisanafike pamudzi. Anandiitanitsa, nane ndinakhala pamphasa mwaulemu monga mwa masiku onse.

"Mwanawe, chibale ndi fupa, sichiola," anayamba motero. "Ukapita kupolisi, mnzako ntchito yatha, mwinanso am'manga. Vuto lako ndi fetereza basi? Azikugulira iyeyo chaka chilichonse, wa m'sitolo, woposa wa kopaletivuyo."

Sindinama, ndinaganizira. Mitambo inali itayamba kale kuda cha kum'mawa, ndipo amuna anga, amene anandiperekeza, anati tingolandira, mimba ilibe dzina. Koma ndinadziona ndikugwada chaka ndi chaka, ndikuwomba m'manja kuthokoza matumba ogulidwa ndi malipiro a dzina langa lomwe. Ndiye panabwera ganizo lina loopsa.

"Amalume," ndinatero, "nanga iyeyu akatsogola kumwalira, boma lidzalemba kuti wafa ndani?"

Amalume anayang'ana pansi, natola kachitsotso n'kumakandakanda nako dothi. Ine ndinadzuka, ndinatsanzika bwinobwino, ndipo m'mawa mwake ndinali kupolisi.

Kubweza dzina n'kovuta kuposa kuliba. Iye anangotsegula sutukesi, koma ine ndinayenda mpaka patapata anaduka. Apolisi analemba lipoti, kwina anandilumbiritsa, kwina anandidinditsa zala, ndipo kulikonse ndinkayamba nkhani pachiyambi pamaso pa munthu wondiyang'ana ngati wakubayo ndi ine. Sindiwadzudzula. Mukaika pamodzi mayi wa zidendene zong'aluka ndi mayi wa wigi, n'kufunsa kuti anakhoza Giredi 12 ndani, inunso mukhoza kuloza molakwa. Anandipulumutsa ndi buku la ubatizo limene linali kuparishi, komanso aphunzitsi athu akale, okalamba ndithu, amene anatikumbukira tonse awiri ndi magiredi athu omwe.

Chaka chimenecho fetereza sindinalandire. Chimanga chinachita chikasu, ndipo tinadalira maganyu ndi mtedza wochepa. Pamudzi ananditcha wansanje. Kuchitsime azimayi ankasiya nkhani ndikafika, ndipo azakhali ena anandiuza pamaso kuti ndagwetsa mtengo umene mbumba yonse inkakhala pamthunzi pake. Za nsanjezo sindinakane, inalipo ndipo ikadalipo. Koma munthu wansanje nayenso ali ndi dzina lake.

Kuyambira pamenepo mapepala anga ndimasunga ndekha, m'pulasitiki, m'chitini chotseka. A ana anga nawonso ali momwemo, ndipo reji yanga siigona m'manja mwa munthu, kaya ndi tcheyamani wa kopaletivu, kaya ndi m'bale amene akuti akungokaijambulitsa. Amalume anamva zimenezi ndipo anati ndawanyoza. Ndinawatumizira nkhuku, koma mapepala ayi.

Msuweni ntchito inatha. Za kukhoti sindizilemba pano, chifukwa ana ake amawerenga. Anabwerera pamudzi ndi masofa ake pa lole, natenga khasu ngati tonsefe. Ndinkaganiza kuti tsopano mtima wanga ugona, koma ayi ndithu. Anthu sanasiye kumuitana kuti Madamu. Ku mphakati, tikasonkhana kupemphera, amene amapatsidwa Baibulo kuti awerenge ndi iye, chifukwa akuti mawu ake amamveka. Makolo amatumiza ana awo kwa iye madzulo kuti awathandize masamu. Ine amene ndinakhoza masamuwo, amanditumizira ana awo akafuna kubwereka sefa.

Chaka chotsatira dzina langa linatuluka loyera pa makina. Tsiku lolandira fetereza tinapita ku depoti m'mawa, khamu la anthu, ngolo ndi njinga zili mbwee panja. Tinakhala pansi pamthunzi wa khoma kudikira kuitanidwa. Msuweni analiponso, atalembetsa ndi dzina lake lobadwa nalo, atakhala kumbuyo kwanga pang'ono. Sitinkalankhulana, koma moni tinapatsana.

Kalaliki anatuluka pakhomo n'kuyamba kuitana. Ine ndinali ndikumasula mfundo ya chitenje kuti nditulutse reji, maganizo ali pa ngolo yoti ndibwereke. Ndinamva dzina likutchulidwa, lonse, loyamba ndi la bambo, ndipo linangondidutsa m'makutu. Panali patapita zaka zambiri chiitanidwire choncho.

"Ndilipo!"

Mawu anachokera kumbuyo kwanga, omveka bwino, a munthu wozolowera kuyankha pagulu. Nditacheuka ndinaona msuweni ataimirira kale, msana uli chilili, dzanja lili m'mwamba. Kenaka anazindikira. Dzanja linatsika pang'onopang'ono, anayang'ana uku ndi uku, nakhala pansi n'kudziphimba kumaso ndi mpango.

Palibe anaseka. Ndinkafuna kuti ndikondwe, chifukwa tsiku limeneli ndinalilipira ndi njala ya chaka chathunthu. M'malo mwake ndinamuchitiranso nsanje, poona mmene dzinalo linamudzutsira msanga, pamene ine mwini wake linandipeza ndili pansi ndikulimbana ndi mfundo.

Kalaliki anaitananso kachiwiri, mokweza, akuyang'ana pakati pa ife awiri. Mayi wina amene anakhala pambali panga anandigunda ndi chigongono.

"Amake mwana, si inu amenewo?"

Ndinadzuka, reji ili m'manja, ndipo ndinayankha. Mawu anatuluka aang'ono moti kalaliki anandiuza kuti ndibwereze.