Anafunsa za mvula, ndinayankha za mvula

Ntchito yanga yoyamba ku Glasgow anandipezera ndi Mayi Mbewe, amayi a kumpingo kwathu, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa mpaka lero. Ndinali nditangomaliza sukulu, ndikukhala m'kachipinda ku Govanhill, ndikungotumiza makalata ofunsira ntchito osayankhidwa. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi anandikokera pambali. Anati ku Pollokshields kuli kaofesi kogulitsa matikiti a ndege ndi maulendo a tchuthi, mwini wake akufuna munthu, ndipo iwo anali atamuuza kale kuti ali ndi mwana wawo wokhulupirika. "Ukakandichititsa manyazi, Tadala, ndidzakukweza ndekha ndege ya ku Chileka," anatero akuseka.

Ofesiyo inali pakati pa golosale ndi sitolo ya nsalu. Munali matebulo atatu, makompyuta atatu, chosindikizira chomeza mapepala, ndi kapeti yonunkha chinyontho. Mwini wake, bwana Alec, anali munthu womwetulira ndi mano okha. Sindingawanamizire, ntchito ankaidziwa, ndipo anandiphunzitsa bwino. Dzina la munthu umalilemba monga lilili m'pasipoti, chilembo ndi chilembo. Umaona ngati pasipotiyo idzakhala itatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi tsiku lokafika. Bwalo la ndege lililonse lili ndi zilembo zake zitatu: GLA ndi kuno, BKK ndi Bangkok, CNX ndi Chiang Mai. Mpando umayamba wausungitsa m'kompyuta, kasitomala awerenge zonse n'kusaina, kenako ndiye utulutse tikiti, chifukwa ikangotuluka kusintha kwake n'kolira. Pomalizira pamabwera inshuwalansi, ndipo pamenepo umafunsa matenda onse amene munthu ali nawo.

Koma chida chachikulu m'ofesimo chinali pepala lokutidwa ndi pulasitiki, lomata patebulo lililonse. Kumbali kwake kunali mayina a mizinda ya ku Asia, pamwamba miyezi khumi ndi iwiri. Mwezi wofiira ndi wa mvula yamphamvu, wachikasu ndi wa apo ndi apo, wobiriwira ndi wopanda mvula. Anthu a ku Glasgow, amene amadzuka ndi mvula n'kugona ndi mvula, funso lawo ndi limodzi basi: kodi kukagwa? Ukangoloza pobiriwira, khadi ya kubanki imatuluka yokha m'thumba. Bwana ankakondanso kundionetsa kwa makasitomala. "Uyu ndi wa kotentha, nyengo zimenezi amazidziwa." Ine wa ku Balaka, Asia wake ndinkangomuona pamapu. Zinkandinyansa, koma ndinkamwetulira nawo.

Mu Januwale, Mayi Mbewe anabwera ndi amuna awo. Bambo Mbewe anali atapuma ntchito yoyendetsa basi, munthu wofatsa, wodwala mphumu, woyenda ndi kampope kake m'thumba la jekete. Banja lawo linali likukwanitsa zaka makumi atatu, ndipo chikwatiranecho anali asanapiteko kulikonse kongokapuma, kupatula kumudzi kukaika maliro. Mayi anali ndi mnzawo wa ku Thailand kuntchito, amene anawauza za Chiang Mai, mzinda wa m'mapiri.

"Mwana wanga, tisankhire mwezi wabwino," anatero. "Chinyontho cha kuno chawatha bambo akowa. Tikufuna kopanda mvula, akapumeko mpweya wa kuphiri."

Ndinayang'ana papepala lija. Malichi anali wobiriwira. Ndinkadziwanso kuti bwana anali atasungitsiratu zipinda za Malichi kuhotelo ina kumeneko, ndipo zinali zisanapeze anthu. Ndinawasungira mipando, n'kuwauza kuti abwere Lachisanu kudzasaina.

Pofufuza zithunzi za hoteloyo kuti ndidzawaonetse, ndinawerenga zimene analemba anthu amene anapitako m'mwezi womwewo. Onse ankanena za utsi. Kunena zoona, sindinafunike kuwerenga zambiri. Munthu wokulira ku Balaka amadziwa zimene zimachitika mvula ikakhala kuti inasiya kalekale. Anthu amasosa m'minda n'kutentha mapesi, osaka mbewa amayatsa tchire, phiri limasowa masana dzuwa likuswa mtengo, zovala zapachingwe zimanunkha lupsa. Okutobala wathu uja, kumeneko ndi Malichi. Ndipo mzinda wake uli m'chigwa, utsi ukalowa umakhazikika.

Ndinawapeza bwana kuseri akuwiritsa ketulo, ndikuwauza. Sanadabwe n'pang'ono pomwe, ndipo chimenecho ndicho chinandidetsa mtima. Anafinya kathumba ka tiyi ndi supuni n'kundifunsa kuti makasitomalawo anafunsa za chiyani. Ndinati za mvula.

"Ndiye yankha za mvula," anatero. "Ife sitigulitsa mpweya."

Ndinali ndisanathe miyezi itatu yoyesedwa. Ndinaganiza za kachipinda kanga, za makalata osayankhidwa aja. Ndinadzinamiza kuti mwina chaka chino utsi uchepa, kuti hotelo ili ndi makina oziziritsa, kuti anthu olemba pa intaneti amakokomeza. Lachisanu atabwera ndinaloza pobiriwira. Pa fomu ya inshuwalansi ndinalemba ndi dzanja langa kuti Bambo Mbewe amadwala mphumu, kenako n'kutulutsa matikiti. Mayi anandisiyira mandasi m'kathumba. Ndinawadya.

Tsiku lovutalo linali Lachiwiri, pakati pa Malichi, iwo atatha masiku anayi kumeneko. Kunja kunkagwa kamvula kosakanikirana ndi matalala. Cha m'ma teni koloko m'mawa ndinali ndi makasitomala awiri patebulo, mnyamata ndi mtsikana oyembekezera ukwati, akufuna kokapuma akakwatirana mwezi womwewo. Foni yanga inalira. Anali Mayi Mbewe, pa vidiyo.

Sanandipatse moni. Anatembenuza foni kuloza pawindo. Kunja kunali phulusa lokhalokha, dzuwa lili psuu, phiri osaoneka olo m'munsi mwake. Kenako anaitembenuzira pabedi. Bambo Mbewe anagona chotsamira, ataphimbidwa kumaso ndi chigoba cha okosijeni, chifuwa chikukwera n'kutsika ngati athamanga. Anakweza zala ziwiri kundipatsa moni, munthu wachifatse uja.

"Tili kuchipatala kuyambira dzulo," anatero Mayi. "Kampope kanakanika. Tithandize tibwerere, mwana wanga. Tilibe wina wotithandiza koma iwe."

Mawu omalizawo anandilasa kuposa kunditukwana. Ndinapempha makasitomala aja kuti andidikire, ndikuyamba ntchito. Ndinaimbira a inshuwalansi n'kuwapatsa nambala ya pangano ndi dzina la chipatala. Anati ndege siinganyamule Bambo Mbewe popanda kalata ya dokotala yonena kuti angathe kuuluka. Ndinatsegula ulendo wawo m'kompyuta n'kusungitsa mipando iwiri ya Loweruka, ndikupemphanso njinga ya odwala pa bwalo lililonse losinthira ndege. Bwana anaima kumbuyo kwanga. Ndimayesa afunsa za wodwala. Anayala patebulo pepala limene a Mbewe anasaina, n'kuloza ndime ina ndi cholembera.

"Uwawerengere apa. Za nyengo si mlandu wathu." Kenako anatsitsa mawu, akuloza ndi chibwano achinyamata aja. "Chipinda chimodzi cha Malichi chatsala. Awa akufuna kotentha."

Ndinayang'ana foni, n'kuyang'ana bwana. Munthu akulimbana ndi mpweya pa foni imene ili m'dzanja langa, wina akuona chipinda chotsala. Koma mlanduwo sunali wa bwana okha. Iwo a Mbewe ankangowadziwa patalipatali. Amene anadya mandasi ndi ine.

Ndinabwerera patebulo. Mtsikana uja anali ataika kale chala pa pepala lapulasitiki. Anafunsa ngati Chiang Mai ali bwino, poti pakuoneka pobiriwira. Ndinamuyankha kuti mvula kulibedi, koma mwezi uno kuli utsi woti sangaone phiri, ndipo ngati akufunitsitsa kumeneko adikire Novembala kapena Disembala, mvula ikangotha, kunja kukayera. Anayang'anana, n'kuthokoza, n'kunena kuti akaganize kaye. Chitseko chitangotsekeka, bwana anandiuza kuti miyezi yoyesedwa ija siinandiyendere bwino, ndimalize sabata. Ndinamaliza, osati chifukwa cha iwo, koma kuti ndione a Mbewe atakwera ndege.

Anafika Lamulungu. Bambo anakhala milungu ingapo osatuluka m'nyumba, ndipo kutchalitchi anasiya kuimba m'kwaya ya abambo, chifukwa mpweya sumawafikitsa kumapeto kwa mzere. Ine ndinazemba mapemphero kawiri. Kachitatu ndinakwera sitima kupita kwawo ku Dennistoun, n'kukawauza zonse nditakhala pamphepete pa mpando: kuti ndinawerenga, ndinadziwa, ndinafunsa bwana, ndipo ndinakhala chete.

Mayi Mbewe sanakalipe. Analowa kuchipinda n'kubwera ndi kathumba ka pulasitiki. Anati anandigulira mphatso kumeneko, kanjovu kosema, koma kameneko andipatsa tsiku lina. Lero anditengera china. M'kathumbamo munali masiki imene Bambo anavala tsiku loyamba. Inali yoyera pogula, koma pamphuno inali itada ngati chiguduli chopukutira mbaula.

"Mzungu uja sindikumudandaula, sanasoseko m'munda," anatero. "Koma iwe, Tadala, mwana wa ku Balaka, sunadziwe zimene zimachitika mvula ikasowa? Paja wakutsina khutu ndi mnansi. Ife tinabwera kwa mnansi."

Bambo analowererapo, akupuma pakati pa mawu: "Mpatseni tiyi mwanayu, Nabanda. Wabwera yekha, sitinamuitane."

Ndikugulitsabe maulendo, kukampani ina, ndipo mapepala a mitundu itatu aja aliko ndithu. Chimene ndinaphunzira n'chakuti mwezi wabwino supezeka papepala. Umayamba wafunsa kuti akupitayo ndani, chifuwa chake chili bwanji, miyendo yake ili bwanji, ndipo ukadziwa chinthu choti chingamuvulaze umanena ngakhale sanafunse. Masiki ija ili m'dirowa ya tebulo langa, m'kathumba kake komweko. Kanjovu kaja Mayi Mbewe sanandipatsebe, ndipo ine sindinakafunse.