Thumba la Kumsana la a Sizasi

Dzina loti a Sizasi sanalipeze chifukwa cha ntchito yokha ayi. Matelala mumsewu uja analipo ambiri, aliyense ndi sizasi yake, koma pakamwa podula ngati pa mayi ameneyu panalibe. Kasitomala akabwera ndi kansalu kochepa n'kumafuna diresi lofika m'mapazi, iwo ankamuuza pamaso kuti asankhe yekha, kuwonjezera nsalu kapena kuchepetsa thupi. Anthu ankachoka atatupa nawo mtima, mawa lake n'kubweranso, popeza msoko wa a Sizasi sunkamasuka.

Malo awo anali pakhonde la sitolo yogulitsa misomali ndi penti. Makina awo anali opalasa ndi mapazi, tepi m'khosi, choko kukhutu, mapini pakamwa. Zaka zokhala pampando umodzimodziwo zinawapatsa thupi, ndipo atasiya kupita kumwezi thupilo linangoti ndabwera. Makolala a mabulauzi awo anayamba kuwamasula okha mwakachetechete, osauza munthu.

Amuna awo anamwalira ali mtulo, tsiku lina a Sizasi atapita kutali kukaoda nsalu. Anawasiyira nyumba ya zipinda ziwiri ndi apongozi m'kati mwake. Apongoziwo sanali munthu wapafupi. Mchere unkachuluka, kasesedwe kanali kaulesi, ngakhale kayendedwe ka mpongozi wawo kankawanyansa. Awiriwa sankamwerana madzi, ngakhale kuti mpopi unali umodzi. Koma a Sizasi sanawathamangitse. Ankati munthu wokangana naye ndi wofunika m'nyumba, lilime lingachite dzimbiri.

Vuto linayamba ndi maloto. Usiku wonse ankagona bwinobwino, koma kukamacha ankalota nsalu yaitali ikuwazinga pakhosi, wina akukoka. Ankadzidzimuka ali wefuwefu, mtima ukugunda, kukamwa kuli gwa, mutu ukuphwanya. Masana ankawodzera pamakina. Tsiku lina anasoka kutseka mkono wa malaya a munthu, tsiku linanso singano inawalowa pachala. BP yawo inakwera, ndipo mapiritsi a kuchipatala sankaitsitsa kwenikweni.

Achimwene awo, makaniko wa kugalaja, munthu wodziwa mankhwala a chilichonse, anawabweretsera mapiritsi a tulo ndi kabotolo ka mowa waukali. Anati azimwa pang'ono pogona kuti asamalote. Maloto sanachoke. Anangowonjezera mphamvu, nsalu ija n'kumathina kuposa kale.

Ndiye kunabwera alamu, akazi a achimwenewo, kudzagona kuti diresi lawo la kuukwati lisokedwe msanga. M'bandakucha akupita kubafa anapeza chitseko cha a Sizasi chili chotsegula. Atasuzumira anaona apongozi atawerama pabedi, manja ali m'mapewa mwa a Sizasi, mwiniwake akukoroma ngati mbuzi yomangidwa chingwe chothina. Alamu anakuwa mpaka agalu a aneba anayankha. Pomwe dzuwa linkatuluka nkhani inali itafika kale kugalaja.

Achimwene anabwera ndi ovololo yawo yamafuta, osakhala n'komwe pansi. Anati zonse zaoneka poyera: nkhalambayi ndi mfiti, inadya mwana wake yemwe, tsopano yayamba mlongo wawo. Mwezi ukatha abwera ndi galimoto kudzaitenga, akaitule kwa wachibale wina wakutali amene nkhalambayo sinamuonepo kwa zaka zambiri. Apongozi atafunsidwa anangoti ankawatembenuza a Sizasiwo, basi. Alamu anaseka chikhakhali, nati mfiti iliyonse ikagwidwa sisowa chonena.

Tisanamizane, a Sizasi mantha anawagwira. Masiku amenewo ankayang'ana manja a apongozi akamasenda mbatata n'kumamva kuzizira pakhosi. Koma chinawapweteka kwambiri n'chakuti anthu anagamula mlandu wa khosi lawo, m'nyumba yawo, osawafunsa eni ake. Komanso panali kanthu kena kamene kankawavuta. Pogona ankagona chagada, monga ankachitira kuyambira ali mtsikana, koma nthawi zonse akadzidzimuka ankapezeka atagona chammbali. Mfiti yanji yokutembenuza kuti upume?

Anatseka makina ndi nsalu, n'kupita kuchipatala chachikulu. Achimwene atamva anati akungotaya nthawi, matenda a mkonono ndi a amuna amimba zikuluzikulu, mkazi sadwala zimenezo. A Sizasi anawayankha kuti galimoto yokha ndi imene amaidziwa m'kati, za m'thupi la munthu azisiye.

Dokotala anali mtsikana wamng'ono thupi, wosafulumira. Anamvetsera za maloto aja osaseka. Atafuna kuyeza khosi tepi yake inasowa, a Sizasi n'kuvula yawo m'khosi kumubwereka. Kenako anawapatsa kachipangizo koti akagone nako kunyumba, kachingwe kena pachala, kena pamphuno, lamba pachifuwa. Apongozi atawaona atavala zimenezo anati akuoneka ngati wailesi yowonongeka.

Atabwerera, dokotala anawauza kuti chigawo choyamba cha usiku amapuma bwino ndithu, n'chifukwa chake palibe amene ankawamva mkonono madzulo. Vuto limabwera kukamacha, nthawi imene munthu amalota kwambiri. Munthu akamalota thupi limalefuka lonse kuti asadzuke n'kumachita zimene akulotazo, ndipo minofu ya kummero nayo imalefuka. Kwa ena njira ya mpweya imatsekeka, munthu n'kukhala osapuma mpaka thupi litadzidzimuka lokha. Anati kubanika kwa nthawi yolota yokhaku kumapezeka kawirikawiri mwa akazi, ndipo ambiri sadziwika chifukwa samveka usiku wonse.

A Sizasi anafunsa chimene analakwa kuti ziwagwere iwo. Dokotala anati ukazi ndi msinkhu wosiya kupita kumwezi si mlandu wa munthu. Thupi ndi khosi lalikulu zimapanikiza mmero, zimenezo atha kulimbana nazo pang'onopang'ono, aziyenda popita kuntchito m'malo mokwera basi. A Sizasi anati khosi limenelo analipeza ndi thukuta lawo, koma amva. Atatulutsa mapiritsi a tulo ndi kabotolo ka achimwene, dokotala anagwira pakamwa. Anati ziwirizo zimalefula mmero kuposa maloto enieniwo, asazikhudzenso. Anawalemba pamzere wodikira makina opopera mpweya pogona, n'kuwachenjeza kuti akadzawalandira asamadzawavule pakati pa usiku poganiza kuti zatha, popeza mdani wawo amabwera kukamacha. Pakadali pano asagone chagada, chifukwa lilime limagwera kumbuyo. Ngati kunyumba kuli munthu, aziwatembenuza akamva kuti asiya kupuma.

Apa a Sizasi anakumbukira manja a apongozi aja m'mapewa mwawo.

Madzulo ake anatenga diresi lawo logonera n'kulisoka thumba pakati pa msana. M'thumbamo anaikamo mpukutu waukulu wa ulusi, uja wolimba ngati mwala, kuti akangofuna kugona chagada uziwabaya. Koma a Sizasi sanawapepese apongozi. Kupepesa sikunali m'magazi mwawo, ndipo mawu ake sankadziwa kuti amayambira pati.

Mwezi utatha galimoto inafika m'mawa, achimwene akuyendetsa, alamu pambali. Apongozi anali atalongedza kale. Anakhala pa sutikesi yawo pabalaza, mpango uli kumutu, osapempha chifundo kwa wina aliyense. Aneba anayamba kusesa pakhomo posesa kale kuti aone bwino.

A Sizasi anatuluka atavala diresi logonera lija pamwamba pa zovala zawo, linunda la ulusi lili tu kumsana. Anaima pakhomo, manja m'chiuno, khomo lonse n'kudzaza. Anafotokoza zimene dokotala ananena, mokweza kuti osesa aja asavutike. Achimwene anati zachipatala siziona zinthu zamdima. A Sizasi anatulutsa mapiritsi ndi kabotolo kaja n'kuziika pa boneti ya galimoto.

"Ngati mukufuna chimene chinkandikanyanga pakhosi, achimwene, china ndi ichi, munabweretsa ndinu. Mayiwa muwatenge ngati mwalimba mtima. Koma m'bandakucha uliwonse muzinyamuka kugalaja kwanuko kudzanditembenuza inuyo."

Aneba ena anaseka. Achimwene manyazi anawagwira, ndipo manyaziwo anasanduka ukali. Analoza apongozi n'kufunsa kuti nanga mwana wawo, bambo wamphamvu ngati uja, anafa bwanji mtulo, m'nyumba muli iwo okha?

Apongozi sanadzuke pa sutikesi paja. Anayankha akuyang'ana pansi, mawu ali ouma ngati masiku onse.

"Mwana wanga ankapuma chimodzimodzi. Ndinkamumva kukhoma kuno, akukoroma, n'kusiya, n'kuyambiranso. Tsiku limenelo kukucha anangoti zii. Ine ndinati mwana wanga lero wagona bwino, ndinatembenuka n'kufunda." Analoza a Sizasi ndi chibwano. "Uyu sindimukonda kwenikweni, mchere amachulutsa. Koma zii ameneyo sindidzamumvanso m'nyumba muno ine ndili moyo."

Palibe anasekanso. Alamu anayamba kufufuza chinthu m'chikwama mwawo chimene sichinkapezeka. A Sizasi misozi inawatsika, ndipo zinawakwiyitsa kuti ikutsika anthu akuona. Anaipukuta ndi mkono, n'kuuza achimwene kuti galimoto yawo yatseka njira, aichotse, ndipo diresi la alamu alitenge momwe lilili, akamalize kwa telala wina. Achimwene analiza injini osatsanzika.

Sutikesi ija a Sizasi anainyamula okha kuibwezera kuchipinda. Apongozi anawatsatira pambuyo akuyang'ana linunda lija, n'kunena kuti thumbalo lasokedwa mokhota, telala wanji wosatha kuwongola msoko pa diresi lake lomwe. A Sizasi anati akafuna lowongoka asoke okha. Anakangana mpaka nthawi ya chakudya, ndipo mchere unachulukanso.

M'mawa mwake a Sizasi anadzuka kuwala kwa dzuwa kutalowa kale pawindo, ali chammbali, msana ukupweteka ndi mpukutu uja. Analota amuna awo akuyesa jekete latsopano, ndipo lotolo analiona mpaka kumapeto, popanda nsalu yowazinga. Mutu unkapwetekabe, koma pang'ono. Atatembenuza maso anaona mpando pakhomo la chipinda. Apongozi anali pomwepo, atafunda shawelo, mutu utagwera pachifuwa. Tulo tinawapeza ali pa ulonda.

Kusitolo kunali makasitomala odikira, koma a Sizasi sanafulumire. Anatenga bulangete lawo n'kuwafunditsa apongozi m'miyendo. Kenako anawerama pafupi, khutu lili pamphuno pa nkhalambayo, n'kumvetsera mpaka atatsimikiza kuti mpweya ukulowa ndi kutuluka.