Kukatenga Apongozi ku Hewe pa Galimoto ya Mipando Iwiri

Ndinanyamuka pa Rumphi boma Lachiwiri isanakwane sikisi koloko m'mawa, ndili ndekha m'galimoto ya amuna anga, kangolo kakulira gwedegwede kumbuyo. Amuna angawo, bambo a Tapiwa, ndinawasiya ali gone pa sofa, nsalu yonyowa ili kumaso, akubuula ngati opaleshoni ya tsikulo inali yawo.

Opaleshoni inali ya bambo awo, apongozi anga a ku Hewe. Ng'ala inali itawatseka maso onse awiri, moti chaka chathunthu mkulu wa mpingo ameneyu Baibulo ankangolisisita, kuwerenga ayi. Madokotala a maso anali atabwera pachipatala cha pa boma kwa masiku ochepa, ndipo tinauzidwa kuti wosalembetsa pofika folo koloko tsiku limenelo adikire ulendo wina, umene panalibe wodziwa kuti udzakhalako liti.

Galimotoyo ndiifotokoze, chifukwa ndi imene inaputa zonse. Amuna anzawo amagula galimoto yoti banja likwanemo. Anga anaitanitsa kagalimoto kofiira, ka mpikisano, ka mipando iwiri, denga lansalu lopinda, mimba yake yotsala pang'ono kukhudza pansi. Nditafunsa kuti chimanga cha kumudzi tizinyamulira pati, anati imeneyo si nkhani, angoikitsa chitsulo chokokera ngolo. Lolemba anapita kwa wowotcherera zitsulo wina wa kuseri kwa msika, amene ntchito yake yeniyeni ndi ngolo za ng'ombe ndi mafelemu a mawindo. Mmisiriyo anakwawira kunsi, nafunafuna pogwira, n'kupeza kuti kumbuyo konseko ndi pulasitiki. Anadula apa ndi apo, naika chitsulo chopingasa, nawotchererapo kampira kachitsulo kokolekapo ngolo. Pomaliza anachenjeza kuti galimoto yotere si thirakitala: matumba atatu a chimanga, basi.

Amuna anga sakhulupirira mmisiri aliyense. Anagwada pambali pake masana onse, akuyang'anitsitsa moto wowotcherera opanda magalasi, uku akulangiza munthu pa ntchito yake. Kutacha maso ali tupu, akuti muli mchenga. Chakudza sichiimba ng'oma. Makiyi anandipatsa ine.

Mpaka pa Bolero zinayenda bwino. Ndinaima kugula mandasi, ndipo mayi wogulitsayo anaizungulira galimoto kawiri, akupukuta manja pa chitenje.

"Njabwino chomene, mama," anatero. "Nanga theka linalo mwasiya kuti?"

Phula litatha ndi pamene ndinadziwa kuti ndakwera chiyani. Mwala uliwonse wa mumsewu ndinaumva ngati ndaukhalira. Pokwera tizitunda mimba ya galimoto imapala dothi, kangolo kakudumpha kumbuyo ngati mwana wa ng'ombe. Komanso kumeneko ngolo yopanda kanthu ndi matola basi. Anthu oposa khumi anandiimitsa, wina ndi njinga yakufa, wina ndi mabelo a fodya, ndipo onse ndinawakana ndi nkhope ya aphunzitsi imene ndimagwiritsa ntchito m'kalasi. Pa Katowo ndinadutsa naini itadutsa. Kumudzi kwa apongozi ndinafika cha m'ma teni, tsitsi langa lili lofiira kuposa galimoto.

Ine ndine wa ku Dedza, mfunda wanga Banda, ndiye kwa amuna anga amanditchula Nyabanda. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pabanja, ndinali ndisanalankhulepo mwachindunji ndi apongozi anga aamuna. Pabanja limenelo mwambo amausunga kolimba: mkamwana sakhala pafupi ndi bambo a mwamuna wake, sawayang'ana kumaso, ndipo mawu amadzera mwa munthu wina. Ndimagwada patali, nkhope kumbali, moni wanga n'kudzera mwa apongozi aakazi.

Ndinawapeza atavala kale suti yakuda ndi chipewa. Pikapu ya matola, imene imatenga faivi sauzande kukafika pa boma, anaikana m'mamawa, ati mwana wawo akubwera ndi galimoto. Anayandikira ndi ndodo, naipapasa galimoto kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Anapapasa mpando woyamba, wachiwiri, dzanja n'kufunafuna wachitatu. Apa ndi pamene anamva kuti woyendetsa ndine. Kenaka anauza akazi awo kuti andiuze kuti palibe vuto, abweretse mpando wawo wa ndalema.

Ndinadandaula kudzera mwa amayi, koma dandaulo langa linathera m'njira. Mpando unamangidwa pakati pa ngolo ndi zingwe za mphira. Amayi sakanatha kutsagana nafe chifukwa mwana wawo wamkazi anali atangochira kumene, ali ndi khanda, choncho chikondi chawo anachipakira m'ngolo: matumba anayi a chimanga, mkoko wa nthochi, ndi mbuzi yoti mwana wawo wodwala maso wa ku boma uja akamwe msuzi. Nditakumbutsa za matumba atatu, yankho linabwera loti chimanga cha chaka chino n'chopepuka. Pampando wachikopa pambali panga anakhazikapo dengu la mazira.

Tinanyamuka leveni koloko, mazira kutsogolo, mkulu wa mpingo kumbuyo. Denga ndinalipinda kuti ndizimva ngati agwa. Pagalasi ndimawaona ali tsonga, dzanja lina ku chipewa, lina ku ndodo, fumbi likuwakuta. Ana a m'mbali mwa msewu ankaomba m'manja, ndipo iwo ankakweza ndodo kuwayankha ngati phungu.

Vuto linali loti tinatsala awiri, wopereka mawu palibe. Titagunda dzenje loyamba ndinamva kukhosomola, kenaka mawu okweza.

"Iwe mbuzi, umuuze Nyabanda achepetse sipidi. Mafupa ghane ngakalekale."

Ndinayang'ana liwiro. Njinga yakapalasa inali itangotipitirira.

"Mbuzi," ndinayankha, "uwauze adada kuti ndamva."

Mbuzi ija inagwira ntchito kuposa anthu ambiri amene ndimawadziwa. Kudzera mwa iyo ndinauzidwa kuti kumanzere kumakhala mchenga, kuti mlatho wakutsogolo ndiuwoloke pakati, ndiponso kuti mwana wawo anali wosamva kuyambira ali wamng'ono. Pa mfundo yomalizayi ndinapempha mbuzi iwauze kuti ndikugwirizana nazo.

Wani koloko itadutsa, tikulowa pa Katowo, kumbuyo kunamveka phwaa, ngolo n'kugwada chamutu. Ndinatsika ndikuthamanga. Apongozi anali bwinobwino, atangopendekera kutsogolo, mbuzi ili pamiyendo pawo. Chitsulo chija chinali chitang'ambika mbali imodzi powotcherera paja, chikulendewera.

Anthu anadzaza nthawi yomweyo, aliyense ndi nzeru zake. Wowotcherera analipo, koma magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Pikapu yotsatira inali yamadzulo. Njinga yamoto apongozi anali ataikana kalekale, chigwereni mu ngalande chaka chatha. Bambo wina wokonza njinga anagwada, nagwedeza chitsulo, n'kunena kuti atha kumanga ndi mphira.

"Chimanga chingafike, mama. Mbuzi nayo panyake. Koma adada awa, yayi. Nikukana."

Ndinayang'ana nthawi, ndinawerenga msewu umene unatsala, ndipo ndinapsa mtima. Ndinakwiyira amuna anga ndi kagalimoto kawo, ndinakwiyira chimanga chopepuka, ndinakwiyira mpando wabwinobwino umene unali kunyamula mazira. Komanso ndinachita mantha, chifukwa munthu uyu akanatsala mumdima chaka china ine nditagwira makiyi m'manja. Ndinagwada pa fumbi, anthu onse akuona, n'kuyang'ana mbuzi m'maso.

"Mbuzi, uwauze adada kuti mwambo ndimaulemekeza. Koma akapanda kulowa m'galimotomu, maso awo tiwasiya pompano pa Katowo."

Mbuzi inapitiriza kutafuna khoko la nthochi. Kenaka apongozi anapempha wokonza njinga uja kuti awatsitse. Anaima, nasasa suti imene tsopano inali yofiirira, natembenukira kumene kunachokera mawu anga.

"Nyabanda," anatero, "chotsa mazira."

Ngolo, chimanga ndi mbuzi tinazisiya kwa mwini golosale wina, amene tinapeza kuti ndi msuweni wawo, monga alili aliyense pa Katowo. Kuwalowetsa m'galimoto inali ntchito ya amuna awiri, chifukwa mpando wake uli ngati wakhala pansi. Anakhala mawondo ali kuchibwano, dengu la mazira lili pamiyendo, nkhope atalozetsa kutchire.

Ndikasintha giya dzanja langa limadutsa pafupi ndi bondo lawo, ndipo tonse awiri timati pepani nthawi imodzi. Tinapepesana choncho mpaka tinatopa. Kenaka anayamba kufunsa za Tapiwa ndi sukulu yake, za mvula ya ku Dedza, za mayi anga. Munthu amene ndinkamuyesa wosalankhula anali ndi nkhani zosungidwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anazimasula zonse, ina pamwamba pa inzake.

Titaponda phula kufupi ndi Bolero, ola limodzi lokha litatsala, anasiya nkhani pakati.

"Kasi galimoto iyi, mphamvu zake n'zomwezi?"

Ndinaponda moto. Kwa nthawi yoyamba kagalimoto kaja kanachita zimene anakapangira. Mphepo inawomba, mitengo inathawira kumbuyo, ndipo mkulu wa mpingo anagwira chipewa ndi manja awiri akuseka mokweza ngati mwana ali pa katungwe. Mazira atatu anasweka.

Pachipatala tinafika patatsala mphindi makumi awiri. Pa ulendo umenewu ndinaphunzira kuti mmisiri akati matumba atatu, amatanthauza atatu, ndiponso kuti munthu ukhoza kumugwadira zaka zambiri usakumudziwa. Ndinawagwira dzanja, iwo sanalichotse, ndipo tinadutsa mzere wa nkhalamba zimene zinali zitalembetsa kale mpaka pa tebulo la mlembi. Mlembiyo analemba dzina, mudzi ndi zaka, kenaka anandiyang'ana ine ndi fumbi langa lonse.

"Wodikirira ndi awa, agogo? Ndi apongozi anu?"

"Yayi," anayankha. "Uyu ni mwana wane. Lembani choncho."

Ndinalira pomwepo, kulira kwenikweni, pamaso pa mzere wonse wa nkhalamba zimene, mwamwayi, sizimandiona.