Mayendedwe a bakha

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili kinta kalasi, kalasi yachisanu, ku Ntengo-Wambalame, ndipo luso langa lalikulu linali kutsanzira mayendedwe a amayi anga. Ankayenda atatangadza miyendo, akupendamira uku ndi uku ngati bakha. Pokwera chitunda cha kumunda wa mbatatesi ankaimaima, dzanja lili m'chiuno. Pamudzi ankawanena kuti ndi aulesi, nane ndinkavomereza. Anzanga akafuna kuseka ndinkangoyamba kudzandira kuseri kwa nkhokwe, onse n'kufa nalo phwete. Amayi akandituma kumjigo kachiwiri ndinkanyinyirika kuti amayi a anzanga amatunga okha.

Chaka chimenecho, amayi atatuluka chikuta cha mlongo wanga Zakariya, ndinawaperekeza kusikelo. Kuchipatalako tinapeza namwino wachilendo amene ankafufuza za ululu wa m'chiuno mwa amayi oyembekezera ndi ochira kumene. Chichewa sankachidziwa, womasulira wake anali atadwala, ndiye anaitana ine wa Chipwitikizi cha kusukulu. Ndinalowa mapewa ali m'mwamba.

Poyamba amayi anati alibe vuto. Kwathu zam'chiuno sanena pamaso pa mwana, komanso anamkungwi anawalangiza kalekale kuti mkazi wodandaula zowawa za uchembere amachititsa manyazi mbumba. Namwino sanawaumirize. Anangowapempha kuti aime ndi mwendo umodzi. Amayi anakanika, nagwira khoma. Atagona pabedi, namwino anawasindikiza ndi zala ziwiri zokha pafupa la pachinena. Amayi anakuwa. Kukuwa kotero sindinakumvepo, ngakhale tsiku limene anadzitema ndi khasu.

Namwino anati ndiwafunse kuti zinayamba liti. Ine ndinkadziwiratu yankho: mimba ya Zakariya.

Amayi anayankha akuyang'ana kudenga. "Uwauze kuti zinayamba ndi iwe. Pobwerera kuno kuchokera ku Malawi, nkhondo itatha, unali ndi masabata atatu. Iwe kumsana, mtolo pamutu, masiku awiri wapansi. Kuyambira pamenepo, ndikaponya phazi mafupa amachita ngati akukhulana."

Zimenezo ndinayenera kuzinena ndi pakamwa panga. Chipwitikizi chonse chinandithawa, ndinangodziloza pachifuwa. Namwino anafunsa zaka zanga, n'kuzilemba papepala ngati zaka za ululuwo. Kenaka anafotokoza, ine ndikumasulira mwachibwibwi, kuti mimba imafewetsa polumikizira mafupa a chiuno, ndipo kwa ena ululu suchoka msanga, makamaka akafulumira kusenza zolemera. Anawaonetsa kamangidwe ka chitenje molimba m'munsi mwa chiuno, ndi kagonedwe kopanira nsalu pakati pa mawondo.

Pobwerera tinafika pachitunda. Apo amayi anaima monga mwa masiku onse, n'kunena osandiyang'ana, "Bakha uja umamutha bwino. Ndimakuona kuseri kwa nkhokwe."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikwapula.

Amayi sanachire kwenikweni, ngakhale chitenje chija chinkawathandiza. Ine ndinamva ululu umenewo pa mimba yanga yachiwiri, miyezi itatu yokha, ndipo ndinalira pamaso pa aliyense, anamkungwi omwe. Masiku ano ndikaona mkazi waima panjira atagwira chiuno, sindifunsa zambiri, ndimangomulandira mtolo. Ndinamvetsa mochedwa kuti munthu amene ndinkamutcha waulesi ankapita kumunda tsiku lililonse ndi ululu umene unamukuwitsa atangokhudzidwa ndi zala ziwiri. Ndipo ululuwo unali ndi zaka zofanana ndi zanga.