Mmene a Chifukwa Anakhozera

Achimwene anga amagwira ntchito m'kashopu ka fotokope moyang'anizana ndi geti la koleji. Ndi kachipinda kopanikiza, ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Muli makina awiri, ena amoyo ena akufa, ndipo pa akufawo ndi pamene amaika kapu yawo ya tiyi. Ana asukulu amabwera ndi mapepala a kafukufuku wawo, achimwene n'kuwaboola, kuwamanga ndi chikuto chapulasitiki, n'kuwabwezera eniake. Manja amenewo amanga madigiri a anthu osawerengeka, koma kufikira chaka chatha mwiniwake wa manjawo analibe yake.

Dzina lawo lenileni amalitchula ndi mayi okha. Enafe timati a Chifukwa, ndipo dzinalo analigwirira ntchito. Ali aang'ono ukawatuma kugolosale ankayamba afunsa kuti chifukwa chiyani. Ukawauza kuti kunama n'koipa, ankafuna kudziwa ngati n'koipabe pamene ukunamiza wakuba. Malemu bambo ankangogwira mutu n'kunena kuti mwana uyu anabadwa ndi pakamwa potsegula. Tsiku limene tinamva kuti kukoleji kuli phunziro la anthu otere, lotchedwa filosofi, banja lonse linapuma. Tinati wapeza kwawo, akasowetse mtendere anthu olipidwa.

Ndipo kumeneko anasangalaladi. Digiri ya filosofi ili ndi zofunika zake: umaphunzira lojiki, ndiye kuti kaganizidwe kolondola, umaphunzira za chabwino ndi choipa, za anzeru akale, kenaka umalemba chimangirizo chachitali n'kukachiteteza pamaso pa aphunzitsi atatu. Zonsezi achimwene anazidutsa ngati akusewera. Anzawo amati tsiku loteteza chimangirizo aphunzitsiwo ndi amene anayamba kutopa, mmodzi mpaka anapempha kuti akapitirize mawa chifukwa njala inamupweteka.

Chinawakola ndi kaphunziro kakang'ono kamene wophunzira aliyense wa chaka choyamba amayenera kukhoza, kaya ndi wa zamalamulo kaya wa zaulimi. Kamaphunzitsa kawerengedwe, kagwiritsidwe ntchito ka laibulale ndi zina zotero. Mayeso ake ndi osankha yankho limodzi mwa anayi. Umadetsa kabokosi ndi pensulo, basi, ndipo amachonga ndi makina. Pamwamba pa pepala amalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti osalembapo china chilichonse.

Ulendo woyamba, funso lina linkafuna malo abwino owerengera. Mwana aliyense akudziwa kuti ndi laibulale. Achimwene analemba m'mphepete kuti abwino kwa ndani, poti iwo zimawalowa bwino ali m'basi, ndipo anapitiriza kufotokoza mpaka kuseri kwa pepala. Makina analavula pepalalo. Ulendo wachiwiri anayesa kudzigwira, koma pa mafunso ena anadetsa timabokosi tiwiri poti mayankho onse awiri anali oona, n'kujambulanso kamuvi kosonyeza loona kwambiri. Makina analavulanso. Iwo anaseka, amvekere kaphunziro ka ana aka ndidzakamaliza kumapeto.

Kumapetoko sikunafike. Bambo anachita sitiroko, mbali imodzi n'kufa. Ine ndinali nditangoyamba unamwino, mayi msana unali utawatha kale, ndiye amene anabwera kudzawanyamula, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza anali achimwene. Anachita zimenezo zaka zingapo osadandaula. Bambo atamwalira, anapeza ntchito ya fotokopeyi n'kukhala chete. Sanali okhumudwa, sanalinso osangalala. Anali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, ukautsina sumva kanthu. Ankadzuka, kutsegula shopu, kudina batani, kuyang'ana kuwala kobiriwira kukuyenda pansi pa galasi, kutseka shopu.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene chinkawadzutsa. Ndikaweruka kuchipatala ndinkadzera kushopuko, n'kukhala pa katoni ya mapepala, n'kuwaponyera funso. Mwina ndinkati lero dokotala wabisira wodwala matenda ake, walakwa kapena ayi? Pamenepo maso awo ankayaka. Ankasiya makasitomala ali chiimire, n'kuyamba kundizunguza: kodi wodwalayo anafunsa, kodi kukhala chete n'kunama, nanga iwe ukanafuna kuuzidwa? Ndinkachoka mutu ukuwawa, yankho ndilibe, koma mtima utapepuka. Ndinkawatukwana njira yonse, mawa lake n'kubweranso.

Chaka chatha mayi wina wa ku ofesi ya kaundula wa koleji, amene amakonda kudzachititsa fotokope makadi a ukwati, anawauza nkhani. Koleji ili ndi malire a zaka zimene munthu angatenge kuti amalize digiri, ndipo chaka chimenecho chinali chawo chomaliza. Akalephera kaphunziro kaja kachitatu, zonse zimene anakhoza zifufutidwa, lojiki, chimangirizo, zonse.

Achimwene anandiuza zimenezi ngati akunena za nyengo.

"Ndiye mukuti bwanji?" ndinafunsa.

"Palibe. Zifufutidwe."

"Achimwene, musandipsetse mtima. Zaka zonse zija zithere m'madzi chifukwa cha laibulale?"

"Ukudziwa, chemwali, vuto la funso lija ndi loti..."

"Ayi! Vuto la funso lija ndi inu."

Mayi athu atamva sanakalipe. Anangoti, "Mwanawe, bambo ako unawasambitsa bwino. Kamalize zako." Mawu amenewo ndi amene anawapititsa kukalembetsa.

Kuwaphunzitsa ndinadzipatsa ndekha, poti mayeso a timabokosi ine ndawalemba ambirimbiri ndipo sindinagwepo. Nzeru yake ndi yosavuta, ndipo ndinawauza mosapsatira: musafunse kuti choona n'chiti, funsani kuti amene analemba funsoli akufuna kumva chiyani, mumupatse, mupite kwanu. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti akabe nkhuku.

Tinkachita masana, pa nthawi yopuma, chitseko cha shopu chili chotseka theka. Ine ndinkawerenga funso, iwo pensulo m'manja. Akangotsegula pakamwa ndinkamenya makina akufa aja ndi chikhatho.

"Koma chemwali, mawu oti *nthawi zonse* apa..."

Phwa! "Detsani."

"Yankho lachiwiri ndi lachinayi sakutsutsana..."

Phwa! "Limodzi. Detsani."

Masabata oyamba zinali nkhondo. Ankatuluka thukuta, milomo ikuyenda yokha. Tsiku lina anathyola pensulo pakati n'kutuluka panja, kukaima pafupi ndi ngalande mpaka ine nthawi yobwerera kuntchito inakwana. Koma pang'onopang'ono anayamba kugonja. Chikhatho changa chinayamba kupuma. Kenaka linafika tsiku limene anadetsa pepala lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi osanena kanthu, n'kundipatsira. Analakwa funso limodzi lokha. Ndinawomba m'manja, ndinavina m'kachipinda kaja mpaka kugunda katoni. Iwo anatenga kapu yawo n'kumwa tiyi wozizira.

Tsiku la mayeso anavala shati yoyera n'kuwoloka msewu. M'holomo ana a chaka choyamba anakhala chete atawaona, ankaganiza kuti ndi oyang'anira mayeso. Mtsikana wina mpaka anawapempha chilolezo chopita kuchimbudzi. Iwo anakhala pa desiki yawo, mawondo akugunda kunsi kwa thabwa, anadetsa timabokosi tawo, n'kutuluka nthawi isanathe. Madzulo ake shopu inali yotsegula monga mwa masiku onse.

Anakhoza, ndipo anakhoza bwino kuposa ana onse aja. Pa tsiku lolandira madigiri mayi analira mpaka mpango unanyowa, ine ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Achimwene anaima pamzere atavala mkanjo wakuda ndi chipewa chija, nkhope ili ngati ya munthu amene akudikira basi. Dzina lawo lenileni litaitanidwa anachedwa kusuntha, mpaka wa kumbuyo kwawo anachita kuwakodola. Pa chithunzi chimene mayi anapachika pabalaza, aliyense akuseka kupatula mwini mkanjo.

Satifiketiyo anaichita fotokope okha, makope angapo, n'kutumiza kusukulu zingapo zofuna aphunzitsi. Yeniyeniyo ili mu envelopu, m'kabati ya pansi pa makina akufa. Akudikirabe mayankho, ndipo sakuoneka kuti akufulumira. Ana asukulu amene amva nkhaniyi amawapatsa ulemu tsopano, ena amabwera kudzafunsa nzeru za mayeso a timabokosi. Amawauza zomwe ndinawauza zija, mawu ake omwewo, osawonjezera kanthu.

Mwezi wathawu kuwodi kwathu kunamwalira mayi wina amene ndinamusamalira nthawi yaitali. Anavutika kwambiri, ndipo kumapeto ankandigwira dzanja n'kumandifunsa kuti analakwa chiyani. Nditaweruka miyendo inanditengera yokha kushopu kuja. Ndinapeza achimwene akumanga mapepala a mnyamata wina wa zamalamulo. Ndinakhala pa katoni yanga, nsapato ndinavula, n'kudikira kuti kasitomala atuluke.

"Achimwene," ndinatero, "munthu woti sanalakwire aliyense, kuvutika chonchija mpaka kufa. N'chifukwa chiyani?"

Ndinakonzeka. Ndinkadziwa kuti ayamba kundifunsa ngati kuvutika kumayenera kukhala ndi chifukwa, ngati ndikufunsira mayiyo kapena ndikudzifunsira ndekha. Ndinkafuna andizunguze mpaka mutu uwawe. Ndinkazifuna kwambiri tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse.

Anagogoda mapepala patebulo kuti alingane m'mbali. Anawayang'ana, n'kuwagogodanso.

"Zimachitika, chemwali," anatero. "Tandipatsira stepulayo."

Ndinawapatsira.