Lenzi ya a Osaphethira

Ine ndimasoka zovala pakhonde la mashopu, ndipo khomo loyang'anana ndi makina anga ndi la situdiyo yojambulira zithunzi ya a Osaphethira. Dzinalo tinawapatsa ndife, chifukwa ndi mawu okhawo amene amamveka m'chipinda chawo: "Chibwano m'mwamba pang'ono. Osaphethira!" Kenako kuwala ng'anii, munthu watuluka.

Chipindacho n'chaching'ono. Muli nsalu yoyera yakukhoma imene ndinawapindira ndine, mpando wopanda chotsamira, chipeso chomangirira chingwe kuti makasitomala asapite nacho, ndi jekete lakuda lobwereka amuna obwera ndi malaya othaitha. Jekete limenelo lili pa ziphaso za theka la tauni ino. Akazi awo a Osaphethira anamwalira kalekale. Mwana ndi mmodzi yekha, wamkazi, ndipo anapita kunja kukasaka ntchito. Chipitireni sanabwereko. Masana bambowa amadyera pakauntala atayang'ana kukhoma. Ndikawaitana amati, "Zikomo mayi, ndayamba kale." Zimandimvetsa chisoni, komanso zimandikwiyitsa, chifukwa munthu sangamadye ngati wabisala.

Chuma chawo chinali lenzi imodzi yolemera ya kamera, ya kampani yotchuka. Kampani imeneyi imapanga malenzi kwawo komwe inayambira, koma inatsegulanso fakitale m'dziko lina. Ndiye ajambuli akakumana pakhonde pano, mkangano wake ndi umenewo. Amautsogolera ndi wojambula maukwati wina amene timamutchula a Orijino. Munthu ameneyu ukamupatsa lenzi sayamba wasuzumiramo. Amaitembenuza kaye n'kuwerenga timalembo tonena dziko limene inapangidwa. Ikakhala ya kufakitale yatsopano amaibweza ndi zala ziwiri ngati sokosi yonyowa. Ya a Osaphethira inali ya kwawo kwenikweni kwa kampani, ndipo a Orijino ankaimezera mate.

Tsiku lina mwana uja anaimba foni kuti wapeza ntchito pa fakitale yatsopano yomweyo. Sabata isanathe, a Osaphethira anaitana a Orijino.

"Achimwene, muli nayo ya dziko linalo?"

"Ndili nayo, ndinagula mosawerenga. Bwanji?"

"Tisinthane."

A Orijino anachita kukhala pampando wa makasitomala. Ine ndinasiya kupalasa makina. Ndinati, "Abambo inu, mutu ukuyenda bwino? Munthu uyu akubera masana dzuwa likuswa mtengo!" Iwo anangokulunga lenzi yawo m'kansalu n'kuipereka. A Orijino anatuluka chothamanga, kuopa kuti munthu angasinthe maganizo.

Kodi zithunzi zinasintha? Ine ndinaziyang'anitsitsa, zakale ndi zatsopano. Anthu anali ndi makutu awiriawiri monga kale, ndipo woipa nkhope anatulukabe woipa. A Orijino ankabwera ndi galasi lokulitsira, kuloza m'makona, ati onani apa pafuwirira. M'makonamo munali nsalu yanga yoyera basi. Iwonso maukwati awo sanachuluke chifukwa cha lenzi ya kwawo kwa kampani.

Amene anasintha ndi a Osaphethira. Anayamba kulankhula, abale! Kasitomala asanakhale bwinobwino amayamba: "Mukuiona iyi? Kumene inapangidwa kuli mwana wanga. Mwina galasi ili anaika ndi iyeyo." Patapita miyezi, "mwina" uja anagwa m'njira. Zinangokhala kuti anaika ndi iyeyo. M'mawa ndinkawaona akuipukuta pang'onopang'ono, akuiuzira mpweya, nthawi zina akuiuza kuti kunja kukuzizira. Poweruka sankaisiya m'situdiyo, ankapita nayo kunyumba m'thumba la pachifuwa. Ena ankaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinkadziwa kuti m'nyumba imene akupitayo mulibe wowafunsa kuti mwaswera bwanji.

Foni yawo ndi ya mabatani, ndipo mwanayo amaimba mwa apo ndi apo, mawu ochepa, ali wotopa. Ndiye ndinawauza kuti amuuze aimbe pa yanga, aonane nkhope. Anaimba Loweruka masana. Bambowa anavala jekete la makasitomala lija, anapesa ndi chipeso cha chingwe, n'kukhala pampando. Foni ndinagwira ndine.

Atalonjerana, iwo anakweza lenzi ija pafupi ndi foni.

"Amayi, mwaizindikira iyi?" anamufunsa mwana wawoyo.

Mwanayo anasendera pafupi, n'kuseka. "Ii, Ababa, ndi yathu imeneyo! Mwaipeza kuti?"

"Ndimafuna ya manja anu. Galasi ili munaika ndinu, eti?"

"Ayi Ababa, kumagalasi ine sindinalowekoko. Akumeneko amavala zoyera mpaka kumaso, ndipo magalasiwo amachokera kwawo kwa kampani konko. Zitsulo zimachokeranso kwina. Ine ndili kwa zivundikiro."

"Kwa chiyani?"

"Zivundikiro zapulasitiki zija, zotsekera kutsogolo. Makina ake ndimayendetsa ndine, ndipo chilichonse chimadutsa m'manja mwanga ndisanachiponye m'bokosi. Tachitembenuzani chanucho, kumbuyo kuli kachizindikiro. Ndikuuzani ngati chili cha makina anga."

Ndinawayang'ana a Osaphethira. Nkhope yawo inali phee, ngati ya munthu amene akudikira kujambulidwa.

"Chili kunyumba, amayi," anatero. "Ndinachisunga pabwino."

"Mudzandionetse ulendo wina. Ndathamanga Ababa, basi ya kuntchito yafika."

Foni inazima. Iwo anakhalabe pampandopo, lenzi ili pamiyendo. Ndinawafunsa ngati ndipite nawo kunyumba tikachijambule, timutumizire mwanayo lero lomwe. Anapukusa mutu.

"Kulibe, mayi. Tsiku lomwe tinasinthana lija kunabwera mayi wina ndi khanda lofuna chithunzi cha pasipoti. Linkalira, osatheka kujambula. Ndinalipatsa chivundikirocho kuti lisewere nacho. Linatonthola, ndinajambula, anapita nacho. Ndinaona akutuluka nacho pakhomo, koma ndinati n'kapulasitiki chabe."

Mtima unandiwawa ngati mwanayo ndi wanga. Ndinati tifunse a Orijino, mwina ali ndi china. A Osaphethira anati china si chimenecho.

Anavula jekete n'kulipachika pamsomali. Lenzi anaiika pashelefu pamodzi ndi mabatire akutha. Kenako anatuluka n'kuima pafupi ndi makina anga, akuyang'ana anthu odutsa mumsewu, makamaka amayi obereka ana.

"Inu mumakhala pakhonde pano tsiku lonse," anatero. "Mayi ameneyo anavala diresi lobiriwira. Simunamuone kumene analowera?"

Sindinamuone. Iwo anaimabe pomwepo, ndipo kasitomala amene analowa m'situdiyo anadikira, n'kutuluka osajambulidwa.