Galimoto Imene Inkangotsala Pang'ono

Ndikakumbukira agogo aamuna, a Mwale, nkhope yawo imabwera pambuyo. Choyamba ndimamva fungo la oyilo wakupsa losakanikirana ndi la mango owolera pansi, kenako ndimaona miyendo iwiri itatulukira kunsi kwa galimoto, zidendene zong'aluka zikupalasa fumbi, nkhuku zikujompha nyerere pafupi ndi zala zawo, ndipo m'kati mwa zitsulomo mukumveka ngwe! ngwe! pamodzi ndi nyimbo ya kutchalitchi yoimbidwa ndi munthu amene waluma bawuti m'kamwa. Mlendo akafuna kuwapatsa moni, ankagwada n'kulonjera mapazi.

Tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika. Ine Esinati amayi ananditula kwa agogo mano akutsogolo atangoguluka. Agogo aamunawo pa unyamata wawo anali dalaivala wa anthu okonza misewu, ndipo atapuma ntchito anabwera ndi chinthu chimene mudzi wonse unatuluka kudzaona: galimoto ya m'tchire, ija yophwatalala kumaso, yokoka ndi mawilo onse anayi, imene eni ake anali ataitaya kuti yafa. Sinabwere ndi mphamvu zake ayi. Inakokedwa ndi ng'ombe, anyamata akukankha kumbuyo, ndipo anaikhazika pa njerwa pansi pa mtengo wa mango.

Musaganize kuti ankaikonza kuti azinyamulira thonje kapena kuchita matola. Ankangoikonda basi. Akaweruka kumunda, anzawo akupita ku bawo, iwo ankalowa pansi pa galimoto. Mabawuti ankawatsuka ndi parafini m'mbale yobooka imene agogo aakazi anataya, n'kuwayanika pa mphasa mwandondomeko ngati mtedza wa mbewu. Tsiku lina ankapalasa njinga mpaka ku Katete kukafukula pa mulu wa zitsulo kuseri kwa galaja, n'kubwerako madzulo ndi kachitsulo kadzimbiri, akumwetulira ngati mlenje amene wapha ngoma.

Agogo aakazi, a Nabanda, galimotoyo ankaitcha mkazi mnzawo. Ankati akamasesa pabwalo amaimenya ndi tsache pa chitseko.

"A Mwale, kodi akulu a mpingo akudziwa kuti muli pa mitala?"

Mawu ankachokera pansi: "Ameneyu salongolola, a Nabanda."

"Salongolola chifukwa ndi wakufa. Tsiku limene adzadzuke mudzamumva."

Tsono kuti mumve bwino nkhaniyi, ndikuuzeni kumene a Nabanda anachokera. Kwawo kunali kumapiri a ku Vubwi, kumene munthu amalima mbali ino n'kukagaitsa ku Malawi. Mwambo wathu mukuudziwa: mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi. Koma a Mwale anapempha chitengwa, kuti amutenge mkazi akakhale naye kwawo. Mlongo wawo wa agogo aakazi, a Banda, amene anali mwini mbumba, analola, koma anaika mawu pamaso pa ankhoswe: "Alamu, tabwereketsa, sitinagulitse. Akadzakalamba mudzatibwezere. Mafupa ake ndi a kuno." Mawu amenewa a Nabanda ankawanena akuseka. A Mwale sindinawamvepo akuwabwereza.

Chaka china maso a agogo aakazi anayamba kuchita nkhungu. Ng'ala. Poyamba ankangondiitana kuti ndiwalowetsere ulusi m'singano, kenako anayamba kusiya timiyala m'nyemba, kenako tsiku lina anapereka moni kwa chitsa cha m'mbali mwa njira. Kwawo anali asanapondeko kuyambira amayi anga ali mtsikana. Masiku amenewo basi sinkafika kumeneko. Munthu ankatsikira ku Chadiza n'kumaliza ndi miyendo, ndipo miyendo yawo inali itayamba kale kutupa.

"A Mwale," anatero madzulo ena akusenda mtedza, "ndikufuna ndikaone phiri lakwathu maso asanatseke. Mkazi mnzangayu adya zambiri pakhomo pano. Andinyamule."

Agogo aamuna anapukuta manja pa chiguduli nthawi yaitali.

"Yatsala pang'ono," anayankha.

Ndipo anagwiradi ntchito, zimenezo sindingawanamizire. Injini yakale ya petulo anaichotsa, n'kupeza ya dizilo ya kalole kena kamene kanagubuduzika ku Sinda. Amuna a m'mudzi anaikweza ndi tcheni pa nthambi ya mango, akufuula ngati akukweza denga la nkhokwe. Tsiku limene inalira, mayo ine! Utsi wakuda bii, mbuzi zinadula zingwe, agalu anathawira kudambo, ana tonse tikuvina m'fumbi. Agogo aakazi analowa m'nyumba n'kuyamba kumanga kamtolo kawo.

A Mwale anazimitsa injini.

"Mpandowu ndi chitsulo chokhachokha. Ungakuthyoleni msana m'mapiri muja."

Anakapeza mpando wa basi yakufa, anaumasula, n'kuudzaza ndi thonje la m'munda mwawo, losankha loyera lokhalokha, ndipo anausoka ndi chikopa cha ng'ombe chimene anachifewetsa okha. Zinatenga chilimwe chonse. Mpando utatha anati galimotoyo ndi yaitali, mayi wokalamba sangakwere, anasula chopondera. Chopondera chitatha mvula inagwa, mitsinje inadzaza. Mvula itatha anati fumbi lingalowe m'maso odwalawo. Anayamba kufunafuna galasi la pawindo. Galasi litapezeka anamangiramo wailesi, kuti mayi asasungulumwe panjira. Kenako penti wobiriwira. Nthawi yonseyi kamtolo kaja kanali pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo agogo aakazi tsopano ankayenda akugwira khoma.

Tsiku lina masana ndinawapititsira agogo aamuna thobwa kumtengo wa mango. Ndinawapeza akumasula chitsulo china cha kumawilo, chimene ndinawaona ndi maso anga akuchimanga dzulo lake. Anachitsuka, chinali choyera kale, n'kuyamba kuchibwezera pomwe chinali.

"Agogo, chimenechi si chomwe munamanga dzulo?"

Anandiyang'ana, girizi ali pamphumi. Anamwa thobwa pang'onopang'ono mpaka kutha.

"Esinati, galimotoyi ikamapita ku Vubwi, mukhala anthu angati?"

"Atatu. Inu, agogo, ndi ine."

"Nanga pobwera?"

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinatenga chikho changa n'kubwerera, ndipo poti mwana ndi lichero lobooka, ndinakafotokoza zonse kwa agogo aakazi monga mmene ndinazimvera. Manja awo anaima m'dengu la mtedza. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni mpaka kutsokomola, ndipo atatha kuseka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Nkhalamba yopusa," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi ikudya yokha mawu a alongo anga."

M'mawa mwake, a Mwale ali kukhola, agogo aakazi anavala nsalu yawo ya kutchalitchi, anamanga duku, anatenga kamtolo pa msomali, n'kupita kumtengo wa mango akupapasa ndi ndodo. Anapeza chopondera chija ndi phazi, anakwera, n'kukhala pa mpando wa thonje, kamtolo pamiyendo, nkhope kutsogolo.

"A Nabanda, mukutani m'menemo?"

"Ndili pa ulendo."

"Koma mabuleki sindinawa..."

"Mabuleki munawamaliza tisanakolole mtedza. Maso ndiwo akufa, a Mwale, makutu ali moyo. Ndimamva kulira kwa sipanala ikamakonza, ndimamvanso kulira kwake ikamangosewera."

Anthu anayamba kusonkhana. Mayi wina wa nyumba yoyandikana nafe anafuula kuti, "Musatsike, amayi! Chakudya tizikubweretserani momwemo!"

"Sinditsika. Ngati siyenda, mudzandiika m'manda ndi mpando womwewu. Ndi wofewa bwino."

Agogo aamuna anaima pamenepo chingwe cha ng'ombe chili m'manja. Anapita kuseri kwa nyumba, ndipo tinamva akusamba m'manja ndi mchenga ndi sopo, kusamba kosatha. Anatuluka atavala jekete lawo la ukwati.

Ulendo umenewo ndimaumvabe m'mafupa. Tinadutsa ku Katete anthu a pamsika akuloza, tinalowa msewu wafumbi wa ku Chadiza, ndipo kupitirira pamenepo msewu unasanduka njira ya ngolo yokwera ndi kutsika. Pa mtsinje wina wopanda mlatho a Mwale anakoka kagiya kakang'ono ka pansi, galimoto inabuula ngati ng'ombe yolemedwa, n'kukwawa pamiyala, madzi akumenya m'zitseko, mpaka kutsidya. Ndinawaona akuisisita pa chiwongolero. Wailesi ija palibe anaikumbukira.

Dzuwa litapendeka agogo aakazi ananunkhiza mpweya wa pawindo.

"Imani."

Anatsika okha. Anaima m'mbali mwa njira, dzanja pamphumi, akutsinzinira chakum'mawa nthawi yaitali, mpaka ine ndinayamba kuopa kuti tachedwa.

"Ndikuliona," anatero. "Lili ngati ng'ombe yogona mu utsi. Koma ndi lomwelo."

Kumudzi kunali nthungululu ndi misozi. M'mawa mwake akuluakulu anakhala pansi pa mtengo, ndipo a Banda, amene anali atakalamba mpaka kugwedera mutu, anayamba ndi kuwomba m'manja.

"Alamu, mwachita ulemu. Chobwereka mwabweza."

A Mwale anangoyang'ana chipewa chawo. Anayankha ndi agogo aakazi.

"Alongo anga, ine si khasu lobwereka. Nditsala kuno ndithu, ndidye za kwathu, ndicheze ndi manda a amayi. Koma bambo awa akabwera mvula yoyamba isanagwe, ndikwera. Akachedwa monga achedwera muja, mundikumbire konkuno."

Tinabwerera awiri. Mpando wa thonje unali wopanda munthu, ndipo ine anandikhazika pakati, pa chitsulo. Titafika, sipanala zonse anazimanga m'thumba n'kuzipachika kudenga. Galimoto anaifunditsa mphasa. M'mawa uliwonse ankaliza injini pang'ono, kumvetsera, kuzimitsa, kenako kuyang'ana kumwamba, ngakhale kuti inali nyengo yozizira, mvula ikadali kutali. Mphepo ya fumbi itangoyamba, mitengo isanaphuke n'komwe, anavala jekete lija, tinanyamuka kubwerera ku Vubwi.

Tinawapeza agogo aakazi ataima kale panjira yolowera m'mudzi, kamtolo pamutu. Maso anali atatsekeratu. Anali atamva injini tili kuseri kwa phiri.

"Mwafulumira bwanji, a Mwale? Kodi palibe chimene chatsala pang'ono?"

"Palibe."

"Chabwino. Phiri ndaliona, ndaliika m'mutu. Tiyeni, mkazi mnzanga asazizire."

A Banda anaseka n'kugwedeza mutu. "Mlongo wanga wasankha yekha, alamu. Koma mawu ena aja akadalipo."

"Ndikuwadziwa," anatero a Mwale.

Anakhala pamodzi zaka zina zingapo. Tsiku limene a Nabanda anatisiya, ine ndili kale namwali, panalibe wowakumbutsa agogo aamuna. Anachotsa okha mabenchi akumbuyo, anayala mphasa, bokosi linalowa, ndipo injini inalira atangoiyesa kamodzi kokha. Anawabweza kwawo. Pobwerera anaiika galimoto pansi pa mango, ndipo boneti yake sanaitsegulenso mpaka imfa yawo. Nkhuku zinaikiramo mazira, matayala anaphwa, mpando wokha ndiwo ndinauchotsa pamene ndinkakwatiwa.

Lero mpandowo uli pakhonde panga. Chikopa ndasinthapo kangapo, koma thonje lina m'katimo ndi la m'munda mwa a Mwale. Mdzukulu wanga Yohane, amene amawotcherera zitsulo ku Sinda, anabwera chaka chatha ndi thirakitala n'kukoka chigoba chija. Akuti galimoto zoterezi tsopano anthu akuzifuna. Zitsulo zake amazifufuza pa foni, waikamo nyale zowala ngati mphezi, akuti aikamonso potchajira foni ndi chiwongolero chofewa choti n'kuchikhotetsa ndi chala. Akabwera kudzandiona amanunkha ndendende ngati agogo.

Sabata yatha anakhala pansi apa akuusisita mpandowu.

"Agogo, mundipatse uwu. Ndi original. Popanda uwu galimoto siikwana."

"Idzayenda liti?"

"Yatsala pang'ono, agogo."

Ndinaseka mpaka mwanayo anadabwa. Ndinamuuza kuti mpandowu sutuluka wokha pakhomo pano, umatuluka ndi mwini wake atakhalapo. Ndinamuuzanso kuti singano yayamba kundibisira diso lake, ndipo dzana ndinalonjera chitsa. Phiri la ku Vubwi ndikufuna ndikalione, ndikasesenso pamene anagona a Nabanda.

Kamtolo kanga ndamanga kale. Kali pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo makutu anga ali moyo.